Lenzi ya 150-600mm ndi yabwino m'dambo, koma wogulitsa anandinamiza za chinyezi

Ndinagula lenzi ya kamera imeneyi kuti ndizijambulira mbalame za m'madambo, ndipo ndisanalipire ndinafunsa wogulitsa momveka bwino ngati imapirira chinyezi. Anandiyankha mosazengereza kuti ndi yotsekedwa paliponse moti ngakhale mvula siingalowemo. Poganizira mtengo wake, ndinakhulupirira mawu akewo.

M'mawa wina kusanache bwino ndinali nditabisala m'bango, madzi akufika m'mawondo, miyendo ya tripod (choimikapo kamera) itazikika m'matope, ndikudikira chimeza chimene chinaima pamalo osaya. Aliyense wojambula mbalameyi amadziwa kuti imatha kuima nthawi yaitali osagwedezeka, kenako khosi limatambasuka kamodzin'kamodzi, nsomba ili kale kukamwa, ndipo ukaphonya pamenepo wamaliza. Nkhungu inali itayala pamwamba pa madzi. Nditatembenuza zoom kuchoka pa 300mm kupita pa 600mm kuti mbalameyo ioneke pafupi, chithunzi chinayamba kuchita mbuu. Ndinapukuta galasi lakutsogolo ndi kansalu koma palibe chinasintha, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona timadontho tamadzi tili mkati, kuseri kwa galasi kumene chala sichingafike. Chimezacho chinagwira nsomba yake n'kuimeza kuyambira kumutu, ine ndikungoonerera ndi maso, m'manja ndili ndi chipangizo cholemera pafupifupi makilogalamu awiri chimene sichinkaona kanthu.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi mmene anandilandirira nditabwerera kusitolo kukadandaula. Mnyamata wa pakauntala sanachotse n'komwe chivundikiro cha lenziyo. Anangonena kuti ndinaigwetsera m'madzi ndipo warranty siikhudza zimenezo, kenako anapitiriza kusewera ndi foni yake. Amene anandigulitsa uja anakana kuti sanalankhulepo za mvula.

Zoona zake ndinazimva kwa mmisiri wina wokonza makamera. Malenzi amene amatalika ukamatembenuza zoom amakoka mpweya wakunja n'kuulowetsa mkati, ndipo mpweya wa m'dambo m'mawa umakhala wodzaza ndi chinyezi, choncho ukakhudza galasi lozizira umasanduka mame. Kamphira kamene kali pamene lenzi imalumikizana ndi kamera kamatchinga madontho ndi fumbi pamalo pomwepo basi. Anandichenjezanso kuti chinyezi chikakhalitsa mkati chimabereka chuku, chimene chimawononga galasi mpaka kalekale. Wogulitsa akanandiuza zimenezi, ndikanagulabe, koma ndikanadziwa mmene ndingaisamalire.

Nditaiumitsa m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, timene timayamwa chinyezi, madontho aja anatheratu, ndipo kuyambira pamenepo mkwiyo wanga pa lenziyo unayamba kuzizira. Pa 600mm, ndikaika f/8 (muyeso wa kukula kwa bowo lolowetsa kuwala), nthenga zoyera za kakowa zimaoneka imodziimodzi, ndipo ndinajambula ng'azi ili pa chipika, mamba ake akuwerengeka, popanda kuiyandikira n'kuithawitsa. Kabatani kochepetsa mtunda umene autofocus (njira imene kamera imadziwongolera yokha kuti chinthu chioneke bwino) imafufuza n'kothandiza kwambiri m'dambo, chifukwa popanda iko kamera imangogwira bango lapafupi n'kusiya mbalame imene ili kuseri. Chipangizo choletsa kunjenjemera kwa chithunzi chimagwiranso ntchito bwino ndikamajambula nditanyamula m'manja, ngakhale mikono imatopa msanga.

Chofooka chake chenicheni ndi kuwala. Pa 600mm siitseguka kupitirira f/6.3, choncho m'bandakucha, pamene mbalame zimakhala zotakataka kwambiri, kuti ndijambule abakha akuuluka pa liwiro la 1/2000 ya sekondi ndimayenera kukweza ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) kufika pa 3200 kapena kuposa, ndipo zithunzi zimatuluka zokhala ndi timadontho tonga mchenga. Limeneli si bodza la aliyense, chifukwa f/6.3 inalembedwa pa lenzi pomwepo.

Lenziyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi, ndipo amene akufuna kujambula zam'madambo aigule, koma aguliretu chovala chake chotchinga madzi ndi silica gel, ndiponso apewe kutembenuzatembenuza zoom m'nkhungu yambiri. Sitoloyo ndikuipatsa nyenyezi imodzi, ndipo ngakhale batire kapena memory card sindidzagulakonso.