Chaka chimodzi ndi galimoto yamagetsi, ndaona zotani

Ndiye anthu akhala akundifunsa kuti kagalimoto kamagetsi ka second hand komwe ndinagula kaja, ka batire yosunga moto wokwana 24 kWh, kakuposadi hybrid (galimoto yoyendera petulo ndi batire) yomwe ndinali nayo? M'tauni eya, ndipo kutalitali. Ndikafika madzulo ndimangokabaya pa soketi ngati foni, pakatha maola pafupifupi 10 kadzadza, ku filling station ndimangopitako kukapopa matayala basi. Zosintha oilo wa injini, ma spark plug, zonsezo ndinaiwala. Ukachotsa phazi pa accelerator kamachepetsa liwiro kokha nkumabweza moto mu batire, moti ma brake pad mpaka pano ndi omwe ndinakapeza nawo. Komanso kali phee, oyenda pansi sakamva, hutala ndiye yandizolowera.

Vuto ndi ulendo wautali. Dashboard imakuuza 120 km koma ungoyatsa AC kapena kukwera chitunda nambala ija imatsika maso ukuona, tsiku lina ndinathimitsa AC ndi wailesi yomwe, thukuta kamukamu, maso ali pa 9 km yotsala, mkazi wanga pambalipa osayankhula ngakhale liwu limodzi. Tinafika, koma sindidzabwerezanso. Batire imakalamba, ndipo kutentha kumaithetsa msanga.

Hybrid vuto la ulendo wautali ilibe, ukadaulo wake ndi wakale, Toyota Prius inatuluka mu 1997, kungoti imamwabe petulo, yangochepetsa ludzu chabe. Ethanol ndimaipatsa ulemu chifukwa Brazil inayamba pulogalamu yake ya Proálcool mu 1975 pogwiritsa ntchito nzimbe, ndipo kuyambira 2003 ali ndi magalimoto a flex omwe umathira ethanol kapena petulo mmene wafunira. Koma lita ya ethanol mphamvu yake ndi yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, ndiye thanki imatha msanga. Za magalimoto oyendera mpweya wa hydrogen monga Toyota Mirai ya 2014 tizisiye kaye, malo othirira ndi owerengeka.

China chomwe ogulitsa sakuuza, ngati magetsi ako akuchokera pa jenereta ya dizilo ndiye kuti mafuta aja sunawathawe, wangowasamutsa.

Kagalimotoka ndikukapatsa 4 pa 5 kwa amene amayenda pansi pa 60 km patsiku ndipo ali ndi potchajira pakhomo. Musanalipire, uzani makaniko ayeze thanzi la batire ndi kompyuta, ine ndinangokhulupirira penti.