CT ya pachifuwa kwa wodwala khansa: ndalama zake zikuyenera?

Wodwala khansa amene ali pa chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa) akayamba kutentha thupi ndi kubanika, X-ray ya pachifuwa kawirikawiri sionetsa vuto m'masiku oyamba. Apa ndiye CT (sikani yojambula m'kati mwa thupi magawomagawo) ya magawo opyapyala, a milimita 1 mpaka 1.5, imachita bwino. Sipafunika jakisoni wowalitsa mitsempha, ndipo kujambula kumatha m'masekondi pafupifupi 10 munthu atagwira mpweya.

Chibayo cha mavairasi chimaonekera: mapapo onse awiri amachita mbuu ngati nkhungu, mitsempha ikuonekabe mkati mwake. Vairasi ya CMV imatero makamaka pakati pa masiku 30 ndi 100 munthu ataikidwa maselo opanga magazi a m'mafupa. Mavairasi a RSV ndi parainfluenza amakonda timachubu ta mpweya. Makoma ake amakhuthala, kunsonga kumadzaza timadontho.

Pomwe CT imaperewera ndi apa: chithunzi sichitchula dzina la kachilombo. Mbuu womwewo umabweranso ndi PCP (chibayo choyamba ndi fangasi), kapena mankhwala a khansa a bleomycin ndi methotrexate akawononga mapapo. Timadontho tija TB imatipanganso, choncho GeneXpert yoyezera TB ndi PCR ya m'mphuno yoyezera mavairasi sizoti n'kulumpha.

Cholakwika chofala ndi cha mpweya. Wodwala wofooka akajambulidwa atatulutsa mpweya, mapapo abwinobwino amaoneka mbuu, lipoti n'kusocheretsa dokotala. Wojambula ayambe wamuyeseza kagwiridwe ka mpweya asanamulowetse m'makina.

Cheza cha CT n'chochuluka, pafupifupi 7 mSv (muyeso wa cheza) pomwe X-ray ndi 0.1, ndipo mtengo ndi wokwera. Kwa wa chitetezo cha m'thupi chotsika amene X-ray yalephera kufotokoza kubanika kwake, ndalamazo zikuyenera. Kwa chifuwa wamba, ayi.