Mfuti ya mpweya ya m'bokosi: mfutiyo ndi yabwino, koma sikopu yake ayi

Ambiri amene akufuna kuyamba kuwombera chandamale kuno ku chigwa cha Shire, kapena kuthana ndi makoswe a m'nkhokwe, amayambira pa mfuti ya mpweya yothyola pakati. Imabwera m'bokosi lalitali pamodzi ndi sikopu (galasi lolozera lokulitsa chandamale, lokhala ndi mtanda m'kati), timphete tiwiri tomangira sikopuyo, ma aleni kii ndi kachitini ka mapeleti, ndipo wogula amalumikiza yekha kunyumba. Maina apabokosi amasiyana, koma m'kati mwake n'chimodzimodzi: mukathyola mpope, sipuling'i imakanikizika, mukakhethemula imakankha pisitoni, pisitoniyo n'kupanikiza mpweya umene umatulutsa peleti. Mulibe onga. Chigamulo chathu n'chakuti mfuti yeniyeniyo ndi yoyenera ndalama zake kwa woyamba kumene. Zokhumudwitsa zili pa sikopu ya m'bokosimo, pa masikuluwu, ndiponso pa mafuta amene anthu amathiramo mwachifundo.

Tinene kaye za lamulo, chifukwa ena akamva zolumikiza mfuti amaganiza zina. Kusula gogodera kapena kulumikiza mfuti ya onga kuchokera ku zidutswa ndi mlandu m'Malawi pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo zimenezo sizili m'nkhani ino. Ngakhale ya mpweyayi, musanalipire pitani ku polisi ya Chikwawa kapena ya Nsanje ndi dzina la mfutiyo ndi kukula kwa peleti yake, mukafunse zimene akufuna kwa inu. Gulani m'sitolo yopereka risiti, osati kwa munthu amene wabwera nayo m'thumba kuchokera kutsidya kwa malire. Risitiyo izikhala m'chikwama cha mfuti, chifukwa pa rodibuloko ya pa Thabwa wapolisi amaona mpope ndi thako, saona sipuling'i ili m'kati. Ku Lengwe, ku Majete ndi ku Mwabvi musayandikire nayo n'komwe.

Pali makulidwe awiri ofala, 4.5 mm ndi 5.5 mm. Peleti ya 4.5 imalemera pafupifupi theka la giramu, imayenda mowongoka, ndipo chitini cha 500 chimakhalitsa. Ya 5.5 imayandikira giramu imodzi, imagwa msanga ikamapita patali, koma mphepo siikankha kwambiri ndipo khoswe imamugwetsa pomwepo. Wofuna chandamale atenge 4.5, wa nkhokwe atenge 5.5. Koma musanasankhe funsani kuti mapeleti amene amapezeka mosavuta kumene mumagula ndi ati, popeza ulendo wokwera mapiri kupita ku Blantyre chifukwa cha chitini chimodzi ndi wodula kuposa chitinicho.

Nambala yaikulu yolembedwa pabokosi, 1000 fps kapena 1200 fps, isakukopeni. Liwiro limenelo amaliyeza ndi timapeleti topepuka kwambiri tosakhala ta mtovu. 1000 fps ndi mamita 305 pa sekondi, kufupi ndi liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo peleti ikafika m'dera limenelo imayamba kugwedezeka n'kumwazika. Mfuti yamphamvu kwambiri imakhalanso yolimba pothyola ndipo imadumpha m'manja. Ku Britain mfuti zambiri za mtunduwu zimathera pa 12 ft-lb, pafupifupi majulo 16, ndipo anthu amapambana nazo mipikisano. Mphamvu imeneyo ndi yokwana pa mamita 25.

Mukatsegula bokosi musathamangire sikopu. Yambani ndi mpope. Ku fakitale amapakamo mafuta okhuthala oteteza dzimbiri panyanja, ndipo mafutawo amamwaza mapeleti. Pindani pawiri ulusi wa mbedza wokhuthala, muulowetse kuchokera kukamwa kwa mpope mpaka utulukire kumbuyo, kolekani kansalu ka thonje koyera kokula ngati chikhadabo chachikulu, n'kukoka kuchokera kumbuyo kupita kukamwa. Bwerezani ndi tinsalu tatsopano mpaka tizituluka toyera, kawirikawiri kasanu mpaka kakhumi. Sipoko ya njinga kapena waya wachitsulo asalowemo. Chitsulo cha mpope wa mfuti ya mpweya n'chofewa, ndipo mukakanda pakamwa pake, pamene peleti imatsanzikira, mfutiyo sidzalondolanso.

Kenako masikuluwu ogwira thako. Nthawi zambiri alipo atatu: awiri kutsogolo m'mbali, imodzi pa chitsulo chotchinga chokhethemulira. Amasuleni, pukutani mazinga ake ndi sipiriti kuti mafuta achoke, donthezani kadontho ka Loctite 243, ya buluu ija, n'kumanganso. Yofiira ayi, imeneyo simudzamasulanso popanda moto. Ngati Loctite palibe, kadontho ka kyutekisi kamagwira ntchito ndithu, ngakhale sikakhalitsa. Awiri akutsogolo amangidwe mofanana. Siyani ziume tsiku lathunthu. Chifukwa chake n'chakuti mfuti ya sipuling'i imagwedezeka uku ndi uku pa kuwombera kulikonse, ndipo sikuluwu ikangomasuka pang'ono, mapeleti amayamba kuyendayenda papepala, mwini wake n'kumatukwana sikopu yosalakwa. Kwa ife a kuno palinso china: thako la mtengo limafufuma m'nyengo ya mvula n'kufota m'chilimwe, choncho masikuluwu omwe anali olimba mu February amakhala akugwedera pofika October. Ayeseni nyengo ikasintha. Thako la pulasitiki ndi losakongola, koma pa nkhani imeneyi limaposa la mtengo.

Tsopano sikopu. Ya m'bokosi imakhala 4x20 kapena 4x32 yotchipa (nambala yoyamba ndi makulitsidwe, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mu mamilimita), yokhala ndi timphete topyapyala ta sikuluwu imodzi imodzi. Vuto silokhala la galasi lokha. Mfuti ya onga imakankha kumbuyo basi, pamene ya sipuling'i imayamba yakankha kumbuyo, kenako pisitoni ikagunda kutsogolo imakokanso mwadzidzidzi. Kukoka kwachiwiriko ndi kumene kumamasula magalasi ndi kuthyola mtanda wa m'kati, ngakhale pa sikopu zodula zopangidwira mfuti zazikulu. Chizindikiro n'chakuti mumapotokola kapondo kosunthira mtanda koma peleti siisuntha, kenako n'kulumpha masentimita asanu nthawi imodzi. Malangizo athu ndi akuti sikopu imeneyo ibwerere m'bokosi, muyambe ndi zolozera zachitsulo zimene zili kale pa mpope. Pa mamita 10 mpaka 15 ndi zokwana, ndipo popeza zonse ziwiri zili pa mpope womwewo, zimayenda nawo limodzi.

Ndalama ikapezeka gulani sikopu yolembedwa kuti ndi yoyenera mfuti ya sipuling'i, 4x32 kapena 3-9x40, makamaka yokhala ndi AO kutsogolo, mphete yopotokola yokonzera galasi molingana ndi mtunda. Sikopu zambiri wamba anazikonzera mayadi 100, ndiye pa mamita 10 chithunzi chimakhala chambuu ndipo mtanda umasuntha mukasuntha diso. AO imathetsa zimenezo. Gulaninso chomangira cha thupi limodzi chokwana njanji ya 11 mm, timizere ta pamwamba pa mfuti pogwira chomangiracho, chokhala ndi masikuluwu atatu kapena anayi m'mbali ndi kamsomali kotsekera pansi. Onetsetsani ngati thupi la sikopu ndi la 25.4 mm kapena la 30 mm, timphete take sitisinthana.

Kumanga kwake kuli motere. Pukutani njanji ndi sipiriti. Tsitsani kamsomali kaja kalowe m'kabowo kamene kali pamwamba pa mfuti chakumbuyo. Popanda iko chomangira chimakwawira m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kudya pulasitiki ya kumapeto. Mangani masikuluwu a m'mbali mwamphamvu. Khazikani sikopu, vindikirani timphete mosamanga, kwezani mfuti paphewa maso ali otseka, n'kutsegula. Sunthani sikopu mpaka chithunzi chidzaze popanda mdima m'mphepete, pamene diso lili masentimita 7 mpaka 9 kuchokera pagalasi. Kuti mtanda uwongoke, pachikani mwala pa chingwe panthambi mamita khumi patsogolo, ndipo mzere woimirira wa mtanda utsatane ndi chingwecho mfuti itakhala mowongoka. Masikuluwu a pamwamba mangani mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, mpata wa mbali zonse ukhale wofanana. Gwirani aleni kii kumbali yake yaifupi, ndipo zala zikangolimba lekani. Apa ndi pamene amisiri a njinga ndi a zigayo amaonongera katundu, dzanja lawo linazolowera kumanga mpaka chitsulo chilire, ndipo thupi la sikopu limaphwanyika m'kati osaoneka kunja.

Musayambe kukonza mtanda tsiku loyamba. Mfuti yatsopano imafuna mapeleti mazana angapo, chitini chimodzi tinene, kuti ikhazikike. Poyamba imalira kwambiri n'kutulutsa kautsi, ndi mafuta a ku fakitale akupsa, ndipo zimatha zokha. Ikakhazikika, ikani katoni yaikulu pa mamita 10, wombani katatu pamalo amodzi, n'kukonza potengera pakati pa mabowo atatuwo, osati bowo limodzi. Pa mtunda umenewu wongolani za kumanja ndi kumanzere, ndipo mapeleti agwere pafupifupi masentimita awiri pansi pa mtanda, chifukwa sikopu ili pamwamba pa mpope. Kenako pitani pa mamita 20 kapena 25 mukamalize. Sikopu yolembedwa 1/4 MOA imasuntha peleti mamilimita 0.7 okha pa "te" aliyense, kulira kumodzi kwa kapondo mukamapotokola, pa mamita 10, ndi mamilimita 1.8 pa mamita 25. Ndiye ngati mwaphonya ndi masentimita 4 pa mamita 25, ndi ma "te" pafupifupi 22, osati atatu. Ambiri amapotokola kawiri, osaona kusintha, n'kunena kuti sikopu yafa.

Ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa, isanakwane 8 koloko. Ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nchalo mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo masana nthaka imatulutsa mpweya wotentha umene umavinitsa chandamale m'galasi. Madzulonso mphepo imadzuka, ndipo peleti ya theka la giramu imapita nayo.

Mfuti zambiri zothyola pakati mpope wake umaweramira pansi pang'ono, moti mapeleti amagwera pansi ngakhale kapondo kafika pamapeto. Musakakamize kapondoko. Dulani kachidutswa ka botolo la pulasitiki lopyapyala, muike pansi pa sikopu m'mphete ya kumbuyo, chimodzi kapena ziwiri basi. Zikapitirira pamenepo thupi la sikopu limapindika, ndipo chofunika n'chomangira chopendekeka kale chimene amagulitsa chifukwa cha vuto lomweli.

Kagwiridwe kake n'kosiyana ndi kamene amaphunzitsa asilikali. Peleti imatuluka mfuti itayamba kale kugwedezeka, choncho iyenera kugwedezeka mofanana nthawi zonse. Ikhazikeni pa chikhatho chotambasula, pamalo amodzimodzi, thako lingokhudza phewa, tsaya lingotsamira. Mukaitsamiritsa pa njerwa, pa mpanda kapena pa windo, mapeleti amamwazika. Ikani dzanja pakati pa mfuti ndi thumba la mchenga. Pothyola, dzanja limodzi lisachoke pa mpope mpaka mwalowetsa peleti n'kutseka, chala chili kutali ndi chokhethemulira. Mpope ukabwerera wokha umapindikira m'mwamba, umang'amba thako, ndipo umadula chala chili pabowo. Musakhethemule mopanda peleti, pisitoni imamenya chitsulo popanda mpweya woibweza. Musaisiyenso yotchera usiku wonse podikira khoswe, sipuling'i imatopa.

Za mafuta. Pali kabowo kakang'ono kamene mpweya umatulukira, kooneka mukathyola mpope, ndipo anthu amakonda kuthiramo oyilo wa injini, wa makina osokera kapena WD-40. Mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, mafutawo amaphulika monga zimachitikira mu injini ya dizilo. Imalira ngati mfuti yeniyeni, eni ake n'kumanyadira, koma m'kati labala ya pisitoni ikupsa ndipo sipuling'i imatha kuthyoka. M'menemo mumangolowa dontho limodzi la mafuta a silicone opangidwira mfuti za mpweya, pakapita mapeleti chikwi kapena kuposa, kapena ikayamba kulira ngati chitseko pothyola. Oyilo wa makina osokera malo ake ndi kunja: kansalu konyowa pang'ono, kupukuta chitsulo chonse mukamaliza, popeza thukuta la m'manja limasiya dzimbiri usiku umodzi m'nyengo ya chinyezi. M'chilimwe chepetsani, fumbi likakumana ndi mafuta pa mfundo yothyolera limasanduka phala lopala chitsulo. Musaisunge m'chikwama cha siponji miyezi ya mvula, siponji imasunga chinyontho, ndipo kumene madzi amalowa m'nyumba, monga kwa anzathu a ku Makhanga ndi m'mphepete mwa Shire, ipachikeni pamwamba, m'malo okhoma, mapeleti ali kwina.

Mphamvu ikayamba kuchepa, onani kamphete ka labala kozungulira bowo lolowetsera peleti. Kutentha kumakaumitsa. Yalani kapepala kopyapyala pamwamba pa mfundoyo n'kuwombera. Kakauluka, mpweya ukuthawa, sinthani kampheteko. N'chifukwa chake ndi bwino kugula tiwiri tapadera tsiku lomwe mukugula mfuti. Chipinda cha sipuling'i musatsegule ndi manja. Sipuling'iyo imakhala yopanikizika ngakhale mfuti isanatcheredwe, ndipo popanda chida choigwirira imatuluka ndi mphamvu yothyola mano.

Mapeleti a m'kachitini kaulere aja ndi omalizira mafuta a ku fakitale basi. Yesani mitundu iwiri kapena itatu ya mutu wozungulira, monga JSB Exact kapena H&N Field Target Trophy, chifukwa mpope uliwonse uli ndi imene umaikonda. Yopindika siketi tayani. Ndi mtovu, choncho musaike m'kamwa monga amachitira anyamata, ndipo sambani m'manja musanakhudze nsima. Kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu kapena matumba a mchenga. Mtengo wouma, tayala ndi madzi zimabweza peleti, ndipo yowomberedwa m'mwamba imauluka mamita oposa 300, kupitirira munda wa mapira mpaka kwa aneba.

Poyerekeza ndi mitundu ina, kuno ku chigwa ya sipuling'i ndi imene ikupambana. Ya CO2, yoyendera gasi wa m'timabotolo, imasintha mphamvu ndi kutentha, ndipo timabotolo take ta magiramu 12 sitiyenera kusiyidwa m'galimoto yoima padzuwa la pa Dyeratu. Ya PCP, yokhala ndi thanki ya mpweya wopoperatu, imalondola bwino koposa ndipo sigwedezeka, koma imafuna kupopedwa mpaka pafupifupi 200 bar, pampu yake ndi yodula, ndipo imalowetsa chinyezi cha mu January m'thanki. Yothyola pakatiyi imangofuna mkono ndi chitini. Powerengera ndalama, wonjezerani pa mtengo wa bokosi chomangira cha thupi limodzi, zitini ziwiri za mapeleti abwino, timphete tiwiri ta labala ndi magalasi oteteza maso, ndipo sikopu yatsopano idikire mpaka mabowo asanu a zolozera zachitsulo atayamba kukwana pansi pa chitsekerero cha botolo pa mamita 10.