MiFi ya ku Kamwala pofufuza za m'laibulale ndili kunyumba

Mnzanga wa m'kalasi yathu ya masters wandifunsa ngati nayenso agule MiFi, kachipangizo ka batire kamene kamapereka intaneti ya Wi-Fi, kuti azifufuza nkhani za m'majenolo ali kunyumba, ndiye ndati ndilembenso mmene yanga yandichitira chigulireni.

Kulumikiza laputopu ndi foni sikuvuta. Netiweki kwathu ku Chelstone mu Lusaka imagwira bwino, Google Scholar imatseguka msanga, ndipo katalogi ya laibulale sidya data chifukwa ndi mawu okhaokha.

Chondipweteka ndi batire. Ukakhala pa kampasi, ofalitsa majenolo amazindikira netiweki ya yunivesite, PDF n'kutseguka yokha. Kunyumba uyenera kulowa kaye ndi dzina ndi pasiwedi. Tsono magetsi apita, monga tinazolowera kuyambira 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ndalowa mu Hinari, tsamba lotsegulira mayunivesite majenolo a zaumoyo, ndapita pa PubMed, pofufuzira nkhani za zaumoyozo, ndalumikiza mawu anga ndi AND ndi OR, ndasefa zaka, nkhani zokhudza malungo mwa amayi oyembekezera zandandalika bwinobwino. Ndikuti nditsitse yoyamba, kagetsi kobiriwira ka MiFi kaja kafiira, kenako thi! Ikayakanso tsamba limakhala landitulutsa, ndipo nkhani yomweyo wofalitsa akufuna madola oposa 30. Kuyambiranso pachiyambi, usiku, maso akuwawa. Pano batirelo latupa moti chivundikiro ndimachimanga ndi mphira.

Tsiku logula, wogulitsa anati, "Asisi, chikavuta mkati mwa miyezi 6 mungobwera nacho." Ndinapita ndi lisiti nthawi isanakwane. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti lonjezo lija silikhudza batire, ndipo mwina ndine ndimachisiya pa chaja usiku wonse. Anandionetsa lina loti ndigule, lopanda dzina la kampani. Ndinatuluka ndili ndi ukali.

Chimene chandisangalatsa sichinachokere m'sitolo ayi. Amayi ena a ku laibulale, nditawadandaulira, anandikhazika pansi n'kundionetsa kuti Hinari, imene WHO inayambitsa mu 2002, ndi gawo chabe la Research4Life, ndondomeko yothandiza maiko osauka kuwerenga majenolo. Mulinso AGORA ya zaulimi ndi OARE ya zachilengedwe. Anandionetsanso African Journals Online, momwe ndapezamo kafukufuku wa kuno ku Africa amene sindinkamuona kwina. "Mwanangu, uzisunga nkhani iliyonse mu Zotero ukangoipeza, usadikire kumaliza," anatero. Zotero ndi pulogalamu yosungiramo nkhani zimene wapeza. Kuyambira pamenepo MiFi ikazima ndimataya mphindi zochepa basi. Zimandiwawa kuti anzathu ambiri amangothera pa Google, akaona mtengo n'kutseka, kapena kudikira aphunzitsi aponye PDF pa gulu la WhatsApp, pomwe pasiwedi ili pa desiki la laibulale, yaulere.

Masiku amene magetsi alipo ndimaikonda MiFi yangayi, chifukwa yandipulumutsa ku ndalama za minibasi zopitira ku kampasi Loweruka. Koma ndikawerengera mabandulo a mwezi uliwonse ndi power bank imene ndagula kuti iziichirikiza, ndalama zake zaposa kale mtengo wa MiFi yeniyeniyo. Mnzangayo ndamuuza kuti ayambe wapita ku laibulale akatenge malowedwe ake, ayesere ndi hotspot ya foni. Akafunabe MiFi, asagule kwa munthu wokana kulemba pa lisiti kuti batire nalo lili m'lonjezo. Ine kusitolo ija sindidzapondakonso.