Ndemanga ya mbande za duwa la Impala lily patatha zaka ziwiri

Ndinagula mbande zitatu za duwa la Impala lily, lomwe akatswiri a zomera amalitcha Adenium multiflorum, pa nazale ina ya mumzinda wa Blantyre mu Epulo 2022, ndipo ndinadzazibzala pakhomo panga kuno ku Ngabu. Ndinali nditatopa ndi maluwa a kumtunda omwe amangopserera mu Okutobala kutentha kukaposa madigiri 40, pomwe madzi a pamjigo wathu ndi amchere komanso otunga movutikira. Wogulitsa ananditsimikizira kuti duwali ndi la m'chigwa cha Shire momwe muno ndipo silichedwa kuzolowera ng'amba. Pamenepo sananame.

Tsinde lake ndi lotupa kunsi ngati kamtengo ka mlambe, ndipo m'menemo ndi momwe limasungira madzi. M'chilimwe ndimangothirira kachitini kamodzi pakatha masabata awiri, pomwe m'nyengo yozizira sindithirira n'komwe. Masamba onse amayoyoka mvula ikatha, moti mlendo angaganize kuti chauma, koma mu Juni 2024 nthambi zopanda tsamba zija zinadzaza maluwa oyera okhala ndi mkombero wofiira, ooneka ngati nyenyezi, ndipo anakhalapo mpaka Ogasiti pamene bwalo lonse linali fumbi lokhalokha. Amayi odutsa popita kumjigo ankaima pampanda kufunsa dzina lake.

Dandaulo langa lili pa malangizo. Wogulitsa sanandifunse za dothi la kwathu, chonsecho aliyense wodziwa Chikwawa ndi Nsanje akudziwa kuti malo ambiri ndi a makande, omwe amang'ambika m'chilimwe koma amasunga madzi nthawi ya dzinja. Mvula ya namondwe wa Freddy itagwa mu Malichi 2023, madzi anadikha pamalopo masiku angapo, ndipo mbande imodzi inawola. Nditakhudza tsinde lake, chala chinangolowa ngati m'papaya lakupsa. Ziwiri zotsalazo ndinazizula, n'kuziumitsa pamthunzi, kenaka n'kuzibzala pa kachulu ka mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi timiyala ndi zidutswa za njerwa. Kuyambira pamenepo sizinavutenso.

Chachiwiri, chomwe ndikuona kuti n'chachikulu koposa, sanandichenjeze kuti utomoni wa chomerachi ndi wapoizoni, woti anthu akale ankapaka kumivi ndiponso kuphera nsomba. Pakhomo pomwe pali ana aang'ono ndi mbuzi, nkhani yotere siyenera kusiyidwa kuti wogula akaimve kwa ena. Ine ndinatchinga malowo ndi waya, ndipo ndikadula nthambi ndimasamba m'manja ndi sopo nthawi yomweyo.

Mbandezo zinali zathanzi, zamizu yabwino, ndipo zinapirira ulendo wa pa minibasi wotsika Thabwa popanda kuthyoka. Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndaitanitsa zina ziwiri, ndipo mchenga wake ndautunga kale.