Gulu latsopano mungalipeze kuti: pa foni, ku chikondwerero, kapena pa kamalo kakang'ono?

Anzanga okonda nyimbo, njira zitatu zonsezi ndaziyendapo, ndipo sizifanana.

Ya pa foni ndi yosavuta. Bandulo ikakhalapo, YouTube ndi TikTok zikupatsani oimba atsopano mpaka tulo tikubeni. Koma zomwe mumamva kumeneko ndi zophikaphika za mu situdiyo: mawu owongoledwa ndi kompyuta, ng'oma za m'makina. Ena mwa iwo mukawaona pa siteji, amangotsegula pakamwa nyimbo ikudziimba yokha kumbuyo.

Zikondwerero zikuluzikulu monga Lake of Stars ndi Sand Music Festival zili ndi ubwino wake. M'masiku awiri kapena atatu mumaona magulu ambirimbiri, zoimbira zake zamphamvu, mawu omveka bwino. Vuto loyamba ndi thumba: tikiti, ulendo wa kunyanja, pogona, chakudya. Lachiwiri ndi ndandanda. Achinyamata osadziwika amaikidwa masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali m'madzi, ena akugonabe ndi zadzulo. Pofika usiku aliyense akudikira dzina lalikulu lomwe analipirira. Chosiyanako ndi Tumaini Festival ya ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma la Dowa, yomwe inayamba mu 2014 ndipo kulowa kwake ndi kwaulere. Kumeneko mumamva oimba a ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda okhala mumsasamo, omwe pa wailesi simungawapeze. Koma kamodzi pachaka sikukwanira munthu waludzu.

Mtima wanga uli pa timalo ting'onoting'ono: madzulo a Sounds of Malawi ku Jacaranda Cultural Centre mu Blantyre, timabala ta ku Ndirande ndi ku Kawale, maholo a tchalitchi Loweruka masana. Pamenepo woimba alibe pobisala. Mumaona zala zake pa zingwe, thukuta likutsika, ndipo akaphonya nonse mwamva.

Usiku wina pa kabala kena magetsi anazima nyimbo ili pakati. Ndinati basi zatha. Mnyamata wa gitala anangokoka mpando n'kukhala pakati pathu, mnzake n'kuyamba kumenya kreti ya mabotolo ndi manja, mtsikana woimbayo n'kupitiriza popanda maikolofoni, ife tikuwaunikira ndi matochi a pa foni. Tinali anthu osakwana makumi atatu, koma palibe anatuluka. Mawu amenewo mpaka lero ali m'makutu mwanga.

Kumbukirani a Madalitso Band. Zaka zambiri ankaimba m'misewu ya Lilongwe, wina ndi babatoni wa chingwe chimodzi, wina ndi gitala ya zingwe zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako n'kuyamba maulendo a ku Ulaya. Amene ankaima pamsewu kuwamvera anawadziwa kale dziko lisanawadziwe.

Zowawa zake ziliponso, sindibisa. Chikalata chikati 7 koloko, ayamba 9. Masipika ena amalira ngati mavu. Pa magulu anayi, mwina limodzi lokha ndi lomwe lingakugwireni mtima, ndipo pobwerera usiku wa kabaza amakweza mtengo. Komabe fikani molawirira kuti muone gulu lotsegulira, chifukwa atsopanowo ndi amenewo. Akatsika pa siteji, pitani mukawagwire chanza, muwafunse dzina la gulu ndi komwe adzaimbe sabata yamawa.