Mahedifoni a pa depoti ndi m'minibasi: a timipira, akuluakulu kapena a Bluetooth?

Anzanga apa Kasungu boma andifunsa funso limodzi mpaka ndatopa: achimwene, m'phokoso la pa depoti lija, ka MP3 kanu mumakamva bwanji? Ena amachita kundivula kuti ayese okha. Ndiye ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano. Mitundu inayi yomwe imapezeka m'mashopu mwathu muno yonse inadutsa m'makutu mwangamu, pa depoti, m'minibasi ya ku Lilongwe pa M1, komanso pafupi ndi chigayo. Chomwe ndaona n'chakuti pamalo aphokoso chofunika ndi kutseka khutu. Besi, dzina la pa bokosi ndi kuwala kwa tinyali zimabwera pambuyo.

Tiyambe ndi timahedifoni tozungulira tija, topanda mphira, tomwe kale tinkabwera m'bokosi limodzi ndi foni. Timangokhala pakhomo pa khutu, mphepo ndi phokoso n'kumalowa m'mbali mwakufuna kwake. Kunyumba usiku timamveka bwino ndithu. Koma minibasi ikangodutsa pa Chinkhoma, injini ili pansi pa mpando, kondakitala akumenya chitseko, dalaivala nayenso watsegula sipika yake, chomwe umachita n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Apa mpamene pali vuto lenileni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu wamkulu akhoza kumvera mawu a madesibo 80 (madesibo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata popanda kuwononga makutu. Mawuwo akafika 90, nthawi imatsika kufika maola 4 okha pa sabata, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 basi. Timakina timeneti tikafika kumapeto timatha kupitirira 100. Ulendo umodzi wa Kasungu mpaka Lilongwe, makilomita pafupifupi 130, ndiye kuti mwadyeratu gawo la masabata angapo. Mukatsika m'khutu mukulira kuti nzwii, dziwani kuti khutu likudandaula, ndipo timinyewa ta mkatimo tikafa sitimeranso. WHO yomweyo imalangiza kuti voliyumu isamapitirire 60 peresenti. Ndi timahedifoni tozungulirati, pa 60 mumamva injini yokha. Tisiyeni kunyumba.

Achiwiri ndi akuluakulu ovala kumutu. Awa ndimawalemekeza koma sindiyenda nawo. Alipo a mitundu iwiri ndipo ogulitsa ambiri sasiyanitsa. Ena kumsana kwa chikho kuli timabowo kapena kasefa, ndipo anapangidwira m'chipinda chabata: phokoso limalowa, nyimbo zanu zimatuluka, mayi amene mwakhala nawo pampando amamva nawo kwaya yanu yonse. Ena n'ngotseka kumsana, ndipo ngati khushoni yake ikuzungulira khutu lonse, phokoso limachepa ndithu, makamaka kukuwa kwa anthu. Koma valani amenewa mwezi wa October m'minibasi yodzaza anayianayi. Thukuta limatsika m'masaya, ndipo kachikopa konamizira ka pa khushoni kamayamba kusendeka n'kumakusiyirani tizidutswa takuda m'tsitsi. Khushoni ikangophwa, kutseka kuja kwathanso. Wovala magalasi ndiye asavutike n'komwe, chifukwa mwendo wa magalasi umatsegula mpata. China muonetsetse pa bokosi ndi nambala ya ma ohm, yomwe ikakula mahedifoni amavuta kuwakankha kuti alire mokweza. Ka MP3 kapena foni kamakwanitsa kukankha bwino mahedifoni a 16 mpaka 32. Alipo a m'situdiyo ofika 250, omwe nthawi zina amatulukira pa kaunjika mtengo wokopa. Abwino kwambiri, koma pa kachipangizo ka m'thumba amangonong'ona.

Tsopano ndifike pomwe pali mkwiyo wanga, timahedifoni ta Bluetooth topanda waya tokhala m'kabokosi kotchajira.

Ndinagula tina m'shopu ina pafupi ndi msika. Mnyamata wogulitsa anandilozera zilembo zikuluzikulu pa bokosi n'kunena kuti, "Bwana, awa ndi opha phokoso, mukavala ngakhale chigayo simuchimva." Mtengo wake unali wokwana kugula mahedifoni a waya angapo. Anandiyesetsa m'shopu momwemo, nyimbo ya besi yambiri, voliyumu pamwamba, ndipo zinamveka bwino. Kungotuluka panja n'kufika pomwe amawotcherera zitseko, chilichonse chinkalowa ngati sindinavale kanthu. Nditabwerera, mnyamata uja anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa, ndipo mwini shopu anangoti zilembo zili pa bokosi sanalembe ndi iye. Zoona sanalembe ndi iye, koma wogulitsa wake anazimasulira mokomera thumba lawo. Pa bokosipo panalembedwa ENC, osati ANC. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo ambiri akubetsa ndalama pamenepa. ENC imagwira ntchito pa maikolofoni: imathandiza kuti munthu amene mukuyankhula naye pa foni asamve kwambiri phokoso la komwe muli. Inuyo khutu lanu silipindula kanthu. ANC ndiyo imachepetsa phokoso lolowa m'khutu mwanu. Timaikolofoni take timamvetsera phokoso la kunja, kenako kachipangizo ka mkati kamatulutsa mawu otsutsana nalo kuti ziwirizo zifafanizane. Lusoli si lachilendo ayi: kampani ya Bose inayamba kugulitsa mahedifoni otere kwa anthu wamba cha m'ma 2000, itayamba ndi a oyendetsa ndege.

Ngakhale ANC yeniyeniyo, musaiyembekezere zozizwitsa. Imachita bwino pa phokoso lotsika losasinthasintha: kulira kwa injini, jenereta, matayala pa tala. Mnzanga wina ali ndi enieni a Sony omwe mlongo wake anamubweretsera kuchokera ku Johannesburg, ndipo nditawavala m'basi yaikulu, kuguguda kwa injini kunangozimirira, ndinachita kudabwa. Koma hutala, mwana wolira, wolalikira wa m'basi ndi anyamata oyitanira, zonsezo zinkadutsabe, chifukwa mawu akuthwa osinthasintha kachipangizoko sikawapeza msanga. Ndipo phokoso la pa depoti pathu lambiri ndi limenelo, la anthu ndi mahutala. Mtengo wa enieniwo, chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi nkhani ya anthu ena. Mukaona dzina lalikulu pa benchi pamtengo wa nkhuku ziwiri, dziwani kuti dzina lokhalo ndiye mwagula. Kuyesa kwake n'kosavuta: uzani wogulitsa azimitse nyimbo, muvale, mutuluke nawo pakhonde pomwe galimoto ikulira, muyatse ANC. Kuguguda kukapanda kutsika nthawi yomweyo, bwezani musanapereke ndalama. Wogulitsa wokana kuti muyese opanda nyimbo wakuuzani kale yankho.

Ndiye pali ndalama zina zomwe sakuuzani pogula. Timahedifoni timeneti timafuna moto, kabokosi kake nakonso kamafuna moto, ka MP3 nakonso. Magetsi akazima tsiku lonse, kapena ngati mumakhala kumudzi cha ku Chulu kapena ku Wimbe komwe mumatchajitsa pa okala kapena kobabeshopu, chilichonse amawerengera pachokha. Batire lake n'laling'ono, lomatiridwa mkati, silisinthidwa. Likayamba kufooka, kamodzi kamafa msanga kusiya kanzake, mumamvera khutu limodzi. Kamodzi kakagwa potsika minibasi anthu akukankhana, kotsalako n'kotaya. Ma MP3 ambiri otchipa omwe timayikamo memore kuchokera kwa anyamata obena nyimbo alibenso Bluetooth n'komwe, ndiye musanagule yang'anani kaye. Chomwe chinandiwawa kuposa zonse ndi wailesi. FM ya m'mafoni ndi ma MP3 ambiri imagwiritsa ntchito waya wa mahedifoni ngati eriyo. Popanda waya, Zodiak kapena MBC sizigwira, pokhapokha muwononge bandulo pa intaneti. Loweruka masana mpira uli mkati, ine ndili ndi timahedifoni todula tomwe sitingagwire siteshoni ngakhale imodzi. Chikhululukiro pamenepa ndilibe.

Otsala ndi omwe ndimayenda nawo: a waya, olowa m'kati mwa khutu, okhala ndi timipira tofewa kumapeto. Alibe batire, alibe zilembo zodzitamandira, ndipo amagwira ntchito ngati chitsekero cha botolo. Kampira kakakhala bwino, phokoso lonse limatsika pamodzi, la injini ndi la anthu lomwe, ndipo mawu akuthwa omwe ANC imalephera aja ndi omwe kampira kamawaletsa bwino. Zotsatira zake voliyumu yanga imakhala cha pakati ngakhale pa depoti, batire la MP3 limakhalitsa, ndipo potsika m'khutu simulira.

Chinsinsi chonse chili pa saizi ya timipirato, ndipo apa mpomwe ambiri amanyozera mahedifoni abwino. M'paketi yolongosoka mumakhala timipira ta masaizi atatu, tating'ono, tapakati ndi tatikulu. Anthu amangogwiritsa ntchito tomwe tabwera tovekedwa kale, tinato n'kutaya limodzi ndi pepala. Yesani tonse. Kokani khutu m'mwamba pang'ono ndi dzanja lina, lowetsani mopotoza, siyani. Mukatseka bwino mumadziwa musanayatse nyimbo: mawu anu omwe amamveka ngati akuchokera m'mutu, kumeza malovu kumamveka, phokoso la msewu limapita kutali. Mukayatsa nyimbo, besi imabwera yodzaza. Ngati nyimbo ikumveka yopyapyala, vuto si mahedifoni, ndi kampira kochepa. Makutu a munthu mmodzi amathanso kusiyana. Ine lakumanja limafuna chachikulu, lakumanzere chapakati. Aliponso timipira ta siponji tomwe umatifinya kaye n'kutilowetsa kuti tifufume mkati. Timatseka koposa, koma kuno sitipezekapezeka ndipo timada msanga.

Za mayina sindilimbikira. A Oraimo a waya amapezeka pafupifupi paliponse pogulitsa mafoni ndipo kwa ine akhala okwanira, bola mupeze enieni, poti nawonso akuberedwa dzina. Opanda dzina omwe amapachikidwa pa msomali mulumulu, ena amamveka bwino modabwitsa, koma amabwera ndi kampira ka saizi imodzi kolimba, ndiye ngati sikakukwanani mwataya ndalama.

Sindikuti alibe vuto. Waya umaduka mkati, ndipo nthawi zonse ndi malo amodzimodzi, pakhosi pa pulagi pomwe umapindika m'thumba la thalauza. Choyamba khutu limodzi limayamba kudukaduka, mumachita kugwirira waya kuti limveke, kenako zii. Sankhani a pulagi yopindika ngati L, ndipo musamakulunge waya mothinitsa pa MP3 pulagi ili momwemo. Ine ndimavekapo kasipuling'i ka m'bolopeni pakhosipo kuti pasamapindike kwambiri. Waya ukamakhudza malaya poyenda umamveka m'khutu kuti khwekhwe. Kuudutsa m'kati mwa malaya kumathandiza. Timipira timafunanso kutsuka. Kuvula, kutsuka ndi madzi a sopo, kuumitsa. Nthawi zambiri munthu akati mahedifoni afa mbali imodzi, ndi phula la m'khutu latseka kasefa. Ndipo zobwerekana m'minibasi zija, pepani, ine ayi.

Pulagi nayo muiyang'ane. Pafupifupi yonse ndi ya 3.5 mm, koma ina ili ndi mizere iwiri yakuda, ina itatu chifukwa cha maikolofoni. Ya mizere itatu inapangidwa m'njira ziwiri zosiyana, ndipo pa mafoni ena akale a Nokia komanso pa ma MP3 ena otchipa, mukalowetsa yosagwirizana, nyimbo imamveka ngati oimba athawa kwatsala zing'wenyeng'wenye zokha chapatali. Mukadina kabatani ka pa waya mawu n'kubwerera, ndiye kuti vuto ndi limenelo, mahedifoniwo ndi abwinobwino. Pa MP3 yongomverera nyimbo, ya mizere iwiri siivuta. Pitani ndi kachipangizo kanu kushopu mukayesere pomwepo, osati pa foni ya wogulitsa. Amene foni zanu zilibe kabowo ka mahedifoni, fashoni yomwe Apple inafalitsa ndi iPhone 7 mu 2016, mufunika kachingwe kolumikizira pa kabowo kotchajira foni, ndalama inanso, ndipo si konse komwe kamagwira pa foni iliyonse.

Pali anthu omwe ndimawakaniza ngakhale a timipira omwewa. Anyamata a kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto, ndimakuonani pa M1 makutu onse awiri otseka, malole a fodya ndi mathanki a mafuta akudutsa pambali panu. Hutala ndi imene imakupulumutsani pamsewu umene uja. Woyenda pansi m'mbali mwa msewu chimodzimodzi, vulani khutu limodzi. Ndipo achimwene ogwira ntchito m'chigayo kapena pa makina odulira zitsulo tsiku lonse, mahedifoni a nyimbo si chida chotetezera makutu. M'mashopu a hadiweya muli zotsekera m'makutu zopangidwira ntchito imeneyo, za siponji ndi zovala kumutu, ndipo paketi yake imalembedwa madesibo omwe zimachepetsa. Gulani zimenezo, nyimbo muzimvera poweruka.

Kwa ena tonsefe okhala pa benchi ya pa depoti kudikira minibasi kuti idzaze, gulani a waya a timipira, onetsetsani kuti m'paketi muli masaizi onse atatu musanachoke pa kauntala, ndipo ndalama yotsala pa ya Bluetooth ija mugulire ena osungira, poti waya udzaduka ndithu.